Matayala Atatu

Ndimadzuka Kapata yense akadali m'bulangete,
ndipo moni wanga woyamba ndimapatsa mphepo:
wachokera kuti lero, wakwiya motani,
mitambo yatsamira bwanji paphiri la Kanjala?

Anthu amayesa kuti ntchito yanga ili kumwamba.
Ntchito yanga ndi kugwada pafumbi, tochi kukamwa,
kusuzumira kunsi kwa phiko,
kudonthezera mafuta m'kabotolo
kuti ndione ngati madzi alowamo mwakuba usiku.
Ndimaizungulira ndegeyi
ngati wogula ng'ombe amene sakhulupirira mwini khola.

Izi sindinakaziphunzire ku Lusaka.
Ndinazitola kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa mango,
pomwe atate, a Lufeyo Mvula, ankakonzera njinga.
Ine, Tiwonenji, wa zaka zisanu ndi zinayi,
ndinkamiza chubu m'beseni
kudikira thovu liulule pobooka.
"Nati imodzi ikamasuka," ankatero,
"munthu amasiya mano pamsewu wa Umodzi."

Ng'ombe zinayi za amalume ku Katete zinapita.
Munda wa kudambo unapita.
Ola limodzi m'mwamba linkadya matumba a nshawa
oti banja likanadya mpaka dzinja,
ndipo maolawo ankafunika mazana.
Mayeso a zanyengo ndinalephera kawiri.
Ngongole ija mpaka lero imakwera nane,
sindiiyika pasikelo, koma ndimaimva kumchira.

Ena onse ndimawayeza:
alendo opita ku Mfuwe ndi makamera awo,
bokosi la katemera, namwino wogwira kolona,
mkulu wa fodya amene mimba yake imatsutsa
zomwe analemba papepala.

Tikanyamuka, Chipata amachepa ngati mbale ya mikanda.
Mwezi wa Seputembala utsi wa lupsa umatseka maso,
ndimayenda ndi singano za mawotchi basi,
mpaka Luangwa aoneke,
chingwe chofiirira chimene wina anataya pamchenga.
Kumabwalo a m'tchire ndimayamba ndadutsa chapansipansi
kuuza njiri kuti zindipatseko malo.

Kenaka kudikira.
Palibe anandiuza kuti woyendetsa ndege amakalambira pamthunzi wa phiko,
akudya mbatata yozizira ndi tiyi wa m'fulasiki,
akulemba manambala m'buku, ntchentche zikuwerenga naye.
Chaka ndi chaka dokotala amanditseka diso limodzi.
Chilembo chaching'ono chija chikadzandithawa, basi, kwatha.

Mawu olemera koposa pantchitoyi ndi akuti "sitinyamuka."
Ndinawanenapo kwa munthu wothamangira maliro a mlongo wake,
mvula ya mabingu itaima ngati khoma cha ku Chadiza.
Ananditukwana. Analira. Ndinamugwirira chikwama.
Tinagona tonse pabenchi, amoyo.

Atate sanakwerepo.
Akuti munthu sakwera chinthu chimene sangachikankhe chikafa.
Koma Loweruka lina anabwera kubwalo,
atavala jekete la kutchalitchi, girisi akadali m'zikhadabo.
Mapiko sanawayang'ane n'komwe.
Anagwada, bondo likulira,
nadinikiza tayala lililonse ndi chala chachikulu,
loyamba, lachiwiri, lachitatu, nabwerera kulachiwiri.
"Lakumanzereli likufuna mpweya."
Ndinaseka, ndinatenga geji kuti ndiwachititse manyazi.
Linkafunadi.

Madzulo ndikamangirira ndege kuzikhomo zake,
ndimakwera njinga ya hayala kubwerera kwathu.
Mnyamata amatsetsereka chitunda ngati alibe amake,
tcheni chikulira, mabuleki akungopempha,
ndipo ine, amene masana ndinali pamwamba pa makungubwi,
ndimakakamira chishalo ndi manja onse awiri,
maso ali panati ya kutsogolo.